CHENJEZO: Tsegulani makutu, ana inu a mu Zomba

Ana anga ndi adzukulu anga, mundikhululukire, lero ndikalipa. Ndakalambira mu Zomba muno, likulu likusamukira ku Lilongwe mu 1975 n'kuti ndili kale ndi ndevu, ndiye ndikamati za mahedifoni ndi mawotchi amakonozi zafika posauzana musandiyese wodana ndi zatsopano.

Lachiwiri lapitali ndimachokera kumsika waukulu, jumbo ya matemba m'manja, ndikufuna kuwoloka msewu wa M3 chakufupi ndi depoti. Patsogolo panga panali mtsikana, tizinthu tiwiri toyera tili m'makutu, mutu ukugwedezeka. Minibasi yochokera ku Liwonde inaliza hutala katatu. Kondakitala anamenya chitseko. Amayi ogulitsa nthochi anakuwa kuti, "Mwana iwe, ufa!" Iye osatekeseka, akungolowa mumsewu ngati akulowa kuchipinda kwake. Anamupulumutsa ndi mnyamata wonyamula katundu, amene anamukoka pa chikwama cha kumsana, galimoto n'kudutsa fyuu pamphuno pake. Ndiye mukudziwa anatani? Anazula kachinthu kamodzi kokha, kumuyang'ana mnyamatayo ngati wamupisa m'thumba, n'kukabwezera m'khutu. Ngakhale zikomo, ayi ndithu.

Mdzukulu wanga anandifotokozera mmene mahedifoni opanda chingwe amenewa amagwirira ntchito. Amalumikizana ndi foni pa Bluetooth, ndipo ena odulawo ali ndi timaikolofoni tomwe timatola phokoso la panja n'kutulutsa mawu otsutsana nalo kuti phokosolo lizimiririke. Ndiye kuti munthu wawononga ndalama zake kugula ugonthi. M'ndege kapena mu laibulale n'zomveka. Koma pamsewu wa ku Chinamwali, pomwe njinga zamoto zimatulukira paliponse ngati ngumbi, khutu ndi limene limakuuza zomwe zikubwera kumbuyo. Maso alibe ntchito kunkhongo.

Inunso a kabaza musaseke. Ndakwerapo njinga yamoto yopita ku Matawale, woyendetsa nyimbo ili m'makutu mkati mwa chipewa. Ndinamuuza kawiri kuti ndatsika apa, mpaka ndinachita kumugwedeza phewa titapitirira kale. Ngati sukumva munthu amene wakhala kumsana kwako, lole yamchenga uimva bwanji? Wanyamula mayi wa eni ake, mwina ali ndi khanda kumbuyo.

Makutuwonso mukuwapha pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa chomvera zinthu mokweza. Malire ake akuti ndi madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo phokoso likafika pa 90, maola otetezeka amatsika kufika pa 4 okha. Amalangiza kuti voliyumu isapitirire 60 peresenti. Koma ine ndimakhala mu minibasi n'kumamva nyimbo ya mnyamata wa mpando wakutsogolo yonse, pomwe ili m'makutu mwake. Timinyewa tam'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kulira kwa nyenje komwe mumamva mukachotsa mahedifoniwo usiku si nyenje ayi, ndi khutu likudandaula.

Komatu chondiwawa kwambiri si msewu. Ndi moni.

Ife tinakula tikudziwa kuti munthu sumudutsa ngati chitsa. Ukakumana ndi wamkulu panjira umapatuka, manja pamodzi, "Mwaswera bwanji agogo?" Pamoni pomwepo ndi pomwe unkamva kuti uje wagonekedwa kuchipatala, kwa uje kwagwa zovuta, mlatho wa pa Likangala madzi adzadza usadzere kumeneko. Moni unali nyuzipepala yathu. Lero ndimapereka moni kwa mwana wa neba wanga, amene ndinamunyamula ali wakhanda, iye n'kungodutsa milomo ikuyenda. Tsiku lina ndinamumva akuti, "Ee, muli bwanji?" ine n'kuyankha mosangalala kuti ndili bwino kaya iwe mwanawe. Kumeneko n'kuti akuyankhula ndi munthu wina wa ku Blantyre. Ndinangotsala ndili chilili ndi moni wanga m'manja, ngati wamisala ndine.

Tibwere ku mawotchi. Kuyambira pomwe kampani ya Apple inatulutsa yawo mu 2015, mawotchi olumikizana ndi foni achuluka, ndipo otchipa ake adzadza m'mashopu. Uthenga wa WhatsApp ukalowa, wotchi imanjenjemera padzanja. Mwezi wathawu tinali pamaliro ku Sadzi. Amfumu aimirira, akupepesa anamfedwa, anthu onse zii. Mnyamata wina, wa kubanja komweko, wakhala kutsogolo, akungokweza dzanja kuyang'ana wotchi. Kamphindi, wayang'ananso. Kenaka akumwetulira yekha n'kumaidinadina ndi chala. Amfumu anafupikitsa mawu awo, ndipo ndinaona nkhope ya malume ake itagwa. Mwina iye ankangowerenga uthenga wa mnzake. Koma kwathu kuno ukayang'ana wotchi wamkulu akulankhula, wamuuza kuti, "Malizani, mukunditayitsa nthawi." Foni timatha kuithimitsa n'kuiika m'thumba polowa pasiwa. Nanga iyi yomangirira pathupi, bwanji osaivula?

Sindikukana ubwino wake. Mnzanga wina amene tinkaphunzitsa limodzi ana ake anamugulira wotchi yowerenga mapazi ndi kugunda kwa mtima, ndipo yamuchititsa kuti m'mawa uliwonse azikwera msewu wa Ku Chawe pang'ono. Wachepako mimba, ndamuona ndi maso angawa. Chokhacho ndimamuuza kuti isamunamize kuti yalowa m'malo mwa dokotala, BP azikayezetsabe kuchipatala. Mlongo wanga nayenso amavala kachipangizo kothandiza kumva, ndipo kanamubwezera pakati pa anthu. Taonani kusiyana kwake: iye akuvala kuti atimve, inu mukuvala kuti musatimve.

Ndipo kukubwera zina. Kunja kuli magalasi a Ray-Ban opangidwa mogwirizana ndi Meta, eni ake a Facebook, okhala ndi kamera pa felemu. Munthu amakujambula akungokuyang'ana, chizindikiro chake ndi kanyali kakang'ono komwe nkhalamba ngati ine singakaone masana. Google itayesa magalasi otere mu 2013, malo ena omwera mowa ku America anawaletsa, chifukwa anthu sanafune kujambulidwa osadziwa. Zikafika kuno, ndipo zifika ndi obwera ku Joni, ndani adzamasuke pa mlandu wa banja kwa ankhoswe? Amayi ochapa ku Mulunguzi adzadziwa bwanji kuti mnyamata waima pamlathoyo akungoona madzi? Kale makanema a anthu ovutika akungomwazidwa pa intaneti ndi mafoni ooneka ndi maso. Wovala zimenezo akabwera pakhomo panga, azivula asananene odi.

Makolo, nanunso muli ndi mlandu. Mumagula zinthuzi n'kumanyadira, mwana n'kumadya nsima nanu mbale imodzi makutu atatseka, inu osanena kanthu. Mukumuitana katatu kuti akatunge madzi, mukuti ndi mwano, pomwe chotsekera makutucho munalipira ndinu. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma ameneyo makutu anali otsegula, ankangokana. Awa ngakhale atafuna kumva, mawu alowera pati?

Kunyumba kwanga ndaika kambale pawindo la pakhonde. Mdzukulu aliyense akafika, tizinthu take ta m'makutu timalowa m'kambalemo, wotchi yonjenjemera chimodzimodzi, azitenga potsanzika. Wamkulu uja ananyinyirika sabata yoyamba. Dzulo anakhala nane mpaka dzuwa kulowa, akundifunsa za nyumba ya malamulo yakale ija, ndipo popita anaiwala n'kambale komwe. Mahedifoni ake akadali pawindo, ndikudikira abwere adzatenge yekha.