Makalabu a sayansi a ku Zambia ndi misasa ya ku Malawi

Mwana wa ku Mchinji ndi mnzake wa ku Chipata amamvana chinenero, amalima chimanga chimodzimodzi, ndipo onse awiri akafunsidwa za tsogolo lawo kawirikawiri amatchula uphunzitsi, unamwino kapena upolisi, chifukwa ndizo ntchito zimene amaziona ndi maso awo. Uinjiniya ndi ntchito za kompyuta amangozimva pa wailesi. Mabungwe achifundo a mbali zonse ziwiri za malire akuyesetsa kusintha zimenezi, koma nthaka imene amafesamo mbewu zawo ndi yosiyana, ndipo ndikuona kuti kusiyanako kukuyenera kukambidwa.

Ku Zambia kuli makalabu a JETS, omwe anayamba mu 1968 pofuna kukonzekeretsa ana asukulu kudzakhala mainjiniya, amisiri ndi akatswiri a sayansi, pa nthawi imene dzikolo linali litangolandira ufulu ndipo migodi ya mkuwa inkadalira kwambiri akatswiri ochokera kunja. Ana amapanga chinthu ndi manja awo, n'kupita nacho ku chionetsero cha m'dera lawo, ndipo opambana amakwera mpaka kufika pa mpikisano wa dziko lonse. Ubwino wa dongosolo limeneli ndi wakuti kalabu imakhala pasukulu pomwepo chaka ndi chaka, ili ndi mphunzitsi woiyang'anira, kotero kuti bungwe lachifundo likabwera ndi zipangizo kapena ndi alendo odzalimbikitsa ana, limapeza pofikira. Mabungwe monga Asikana Network, lomwe linakhazikitsidwa ndi amayi atatu ku Lusaka kuti liziphunzitsa atsikana luso la kompyuta, komanso BongoHive, yomwe imathandiza achinyamata pa luso la zamakono ndipo inayamba mu 2011, anabadwira m'dziko limene mwambo wopikisana pa sayansi unali utazika kale mizu.

Kwathu kuno ku Malawi ntchito yaikulu yakhala m'manja mwa mabungwe ndi sukulu za ukachenjede, ndipo njira imene imaoneka kwambiri ndi ya misasa ya pa tchuthi. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, imaitana atsikana a ku sekondale kuti adzalowe mu labotale ndi kucheza ndi amayi amene anapita patali ndi sayansi, ndipo mu 2017 inalandira msasa wa sayansi wotchedwa WiSci womwe unasonkhanitsa atsikana a m'maiko angapo. Ku Lilongwe, mHub ya Rachel Sibande yakhala ikuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kamuzu Academy nayo imachititsa chionetsero cha sayansi cha sukulu zosiyanasiyana. Zonsezi n'zotamandika, ndipo mtsikana amene wagwirapo maikulosikopu kwa nthawi yoyamba saiwala tsikulo. Vuto limabwera msasa ukatha. Mwanayo amabwerera ku CDSS yake kumene kulibe labotale, kumene mphunzitsi amajambula chipangizo pa bolodi n'kuuza ana kuti aloweze maonekedwe ake pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo moto umene unayatsidwa pa sabata ziwiri umasowa nkhuni.

Komabe sikuti a Zambia anatha zonse. Makalabu a JETS amachita bwino m'sukulu za m'tauni ndi za pa Copperbelt, pamene za kumidzi zimavutika ngati zathu zomwe. Boma la Zambia litalamula kuti phunziro la kompyuta likhale la mayeso, sukulu zambiri zinapezeka zilibe makinawo ngakhale magetsi, ndipo maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 anadzaza makalasi kuposa kale.

Pali mbali imodzi imene Malawi watsogola, ndiyo kufikira ana adakali aang'ono komanso m'chinenero chawo. Matabuleti a bungwe la onebillion, omwe amaphunzitsa masamu ndi kuwerenga m'Chichewa ndipo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, anayamba ngati ntchito yoyesera mothandizana ndi bungwe lachifundo la VSO, koma boma linawatenga n'kuwaika mu ndondomeko ya BEFIT kuti afalikire m'sukulu za pulaimale. Apa chithandizo cha bungwe chinasanduka gawo la tsiku ndi tsiku la sukulu, ndipo ndi njira imeneyi imene ndikufuna itatsatidwanso ku sekondale, kumene ana ambiri amayamba kuthawa masamu ndi fizikisi.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, imatchulidwa pafupifupi pa msasa uliwonse, koma olankhula amathamangira ku makina ake opukusa magetsi ndi mphepo n'kudumpha chiyambi chake. Mnyamatayu atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, anali ndi kalaibulale kakang'ono pafupi ndi kwawo, kumene ankatha kubwereka buku, kulibweza, n'kudzalitenganso mpaka atamvetsa zithunzi zake.