Dipuloma imodzi ku New York: ayesa ndi chiyani?

Nkhani yosintha malamulo a dipuloma ya kusekondale ena akuifotokoza ngati ana a ku New York apulumuka ku mayeso, koma si choncho kwenikweni. Mayeso a Regents, omwe ndi mayeso a boma la New York a kusekondale, azilembedwabe, chifukwa lamulo la boma la America limafuna kuti ana ayesedwe Chingerezi, masamu ndi sayansi. Chomwe akuluakulu a zamaphunziro kumeneko akufuna kuchotsa kuyambira chaka cha maphunziro cha 2027/28 ndi lamulo loti mwana akhoze kaye mayesowo asanalandire dipuloma.

Pakadali pano madipuloma alipo atatu: local, Regents ndi Advanced Regents, koma akufuna kuti pakhale dipuloma imodzi yokha. Wa Regents amafuna mayeso asanu, malikisi 65 pa phunziro lililonse. Mwana wochokera kunja amene akuvutikabe ndi Chingerezi akapeza 62, amayenera kuchita apilo kapena kulembanso mayesowo chifukwa cha malikisi atatu okha. Apo ndikugwirizana ndi ofuna kusinthawo, si chilungamo.

Nkhawa yanga ili pa zolowa m'malozo: mapulojekiti, ntchito yophunzira pakampani, ndi zidindo zosonyeza luso la mwana pa dipuloma imodziyo. Pulojekiti amachonga ndi mphunzitsi wa pasukulu pomwepo, amene akumudziwa mwanayo ndi makolo ake. Sukulu ya anthu andalama ipezera ana ake makampani abwino mosavuta. Ya kumadera osauka iwatumiza kuti? Ndiye olemba ntchito aziyang'ana dzina la sukulu basi, osati pepalalo.

Kwathu kuno tinayesako zofanana: JCE inachotsedwa, aphunzitsi n'kumadandaula kuti ana akufika Fomu 4 asanalawepo mayeso a MANEB chichokereni ku pulayimale. Mu 2021 anaibwezeretsa.