Msana wouma m'mawa si kutopa chabe

Zikomo alembi pofotokoza kuti nyamakazi ina ya msana, imene madokotala amaitchula undifferentiated spondyloarthritis, imatha zaka zambiri mtundu wake usanadziwike. Achimwene anga kuno ku Area 25 anayamba kuuma msana akadali anyamata, anthu n'kumati ndi kabaza. Koma msana wa kutopa umapepuka munthu akapuma. Uwu umakula ukagona, umadzutsa m'bandakucha, n'kuchepa ukayendayenda. X-ray poyamba imatha kusaonetsa kanthu. Kwa ena matendawa amazirala, kwa ena mafupa a msana amadzalumikizana mpaka kulephera kuwerama. Zimandiwawa kuona achinyamata akungomwa mankhwala apagolosale. Ngati zayamba musanakwane zaka 45, chidendene chikupweteka, diso likufiira n'kumawawa, muwauze adokotala zonsezo pamodzi.