Kodi kunena kuti "odi" kumalira ndalama zingati?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndinalawirira ku paki ya kuno komwe ndimakhala, kumpoto kwa England, ndili ndi mwana wanga wamkazi, titanyamula magolovesi ndi matumba otoleramo zinyalala monga timachitira. Pageti tinapeza mayi woyang'anira pakiyo ataima pambali pa galimoto yawo ya ntchito. Masiku onse amatilandira ndi kuseka. Tsiku limeneli sanaseke. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto, n'kutulutsa thumba lakuda, n'kuliika pamapazi anga. M'thumbamo munali timabokosi tathu tonse ta masewera a geocaching, 11. Kena kanali ka mwana wangayo, kamene anakapenta yekha ali ndi zaka 8. Mayiwo anangoti, "Pepani, abwana anga alamula kuti tonse tichoke. Tiyeni mukaone chifukwa chake."

Kwa abale amene simunamvepo za geocaching, ndi masewera obisa ndi kufunafuna. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi, kuikamo kabuku kosainamo ndi tizidole tosinthana, kukabisa penapake, n'kulemba manambala a GPS a malowo pa intaneti. Ena amatsata manambalawo ndi foni, kukapeza, kusaina, n'kukabwezera mmene anakapezera. Anayambitsa ndi Dave Ulmer pa 3 Meyi 2000, kufupi ndi Beavercreek ku Oregon, boma la America litangosiya kumene kusokoneza dala GPS ya anthu wamba. Iye anabisa ndowa yakuda. Lero timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni m'maiko oposa 190, ndipo kalikonse kali pamalo a eni ake. Mawu amenewa muwagwire bwino: pamalo a eni ake.

Tinawatsatira mayiwo mpaka kumtunda, kumene kuli mitengo yakalekale. Ino ndi nthawi ya maluwa a bluebell, pansi ponse pamakhala pobiriwira ngati wina wayala chitenje chabuluu. Pakati pa maluwawo panali njira yatsopano, yamatope okhaokha, yotalika mwina mapazi 30 kuchoka panjira yeniyeni. Maluwa ataphwanyika, masamba atasanduka phala, mapazi a nsapato zikuluzikulu akuonekera mbali zonse. Kumapeto kwa njirayo kuli mtengo wa oak waukulu woti anthu atatu atagwirana manja sangauzungulire. Pathunthu pake wina anakhomapo kanyumba ka mbalame kabodza ndi misomali itatu, yaitali ngati chala changa, kabokosi kali m'kati. Mwana wanga anaika chala pabowo la msomali umodzi n'kundifunsa kuti, "Adadi, ndani anawauza kuti atha kukhoma apa?"

Palibe anawauza. Nkhani yonse ndi imeneyi. Mkulu ameneyu sanafunse munthu. Sanaimbe foni, sanalembe kalata, sanagogode pa ofesi yomwe ili pageti pomwe anadutsa ndi hamala yake m'chikwama. Analowa pakhomo pa eni osanena odi, n'kuyamba kukhoma misomali.

Ine ndinakulira kumudzi. Kwathu ngakhale chitseko chikhale pululu, ngakhale eni nyumba ukuwaona ali khale pamphasa, umaima potero n'kunena kuti odi, n'kudikira akuyankhe. Kumanda kuli nkhuni zouma zambirimbiri, koma sulowako ndi nkhwangwa chifukwa choti waona palibe mpanda. Pali a mfumu, pali eni mbumba, umayamba wafunsa. Mwana wa zaka zisanu amazidziwa zimenezi. Ndiye munthu wamkulu, wa galimoto yake, wa foni yodula, amene amatha kuwerenga manambala a GPS mpaka kadontho komaliza, akulephera chiyani? Kupempha si kuba. Amene safuna kupempha ndiye kuti akudziwa kale kuti akapempha amukaniza.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti chilolezo chomwe waononga sichinali chake. Tinachivutikira ife, zaka ziwiri zathunthu. Ulendo woyamba kukaonana ndi mayi aja anatikana mosapita m'mbali. Anali atatolapo kale timabokosi tosweka, todzaza madzi, tosiyidwa ndi anthu amene anatopa nawo masewerawa, ndipo kwa iwo tinali zinyalala basi. Sitinakangane nawo. Tinapempha kuti atilole tizibwera kudzathandiza ntchito. Anthu a geocaching ali ndi mwambo umene unayamba mu 2002 wotchedwa Cache In Trash Out, woti ukapita kofuna kabokosi uzibwerako ndi zinyalala. Tinayamba ndi umenewo. Tinavuula matayala mumtsinje, tinatulutsa trolley ya kusitolo yomwe inali itakwiririka m'matope mpaka m'mawilo, ndipo mwezi wa Juni tinakhala masiku awiri tikuzula Himalayan balsam, chomera chachilendo chija chimene chimapha zinzake m'mphepete mwa madzi. Ine ndimagwira ntchito ya mashifiti yosamalira okalamba. Masiku ena ndinkachoka ku shifiti ya usiku n'kulunjika ku paki, maso ali psuu, chifukwa ndinalonjeza kuti ndibwera.

Patatha chaka ndi pamene mayi aja anatiitanira mu ofesi mwawo, kutithirira tiyi, n'kuyala mapu patebulo. Tinayenda nawo paki yonse wapansi. Apa inde. Apa ayi, pamaikira mazira mbalame zomanga zisa pansi, kuyambira Malichi mpaka Julaye musayandikirepo. Apa inde, koma kabokosi kakhale poti munthu akafikire ataima panjira. Kumtunda kwa mitengo yakale kuja ayi, ayi ndithu, ndipo anazunguliza ndi cholembera chofiira ine ndikuona. Malo 11 amenewo aliwonse anawaloza ndi chala chawo. Tinawapatsa manambala athu a foni kuti kabokosi kakavuta atiimbire, tidzakachotsa tsiku lomwelo. Anatikhulupirira mpaka anakatiikira kumbuyo kwa abwana awo ku khonsolo, amene sankafuna n'komwe kumva za ife.

Ndiye wina amene sanatolepo ngakhale kapepala ka switi m'paki imeneyi wabwera n'kukhoma misomali pakatikati pa mzere wofiira uja.

Musandiuze kuti sankadziwa. Aliyense wotumiza kabokosi pa geocaching.com amavomereza kuti ali ndi chilolezo cha mwini malo kapena woyang'anira malowo. Sungadumphe pamenepo. Malamulo ake ndi olembedwa poyera: osakumba, osaononga chinthu cha mwini, timabokosi titalikirane mamita 161. Kuno ku Britain anthu odzipereka a Geocaching Association of Great Britain amasunga mndandanda wa mapangano ndi eni malo, woti aliyense atha kuwerenga kwaulere. Amene amaunika timabokosi tisanatuluke pa intaneti nawonso ndi odzipereka, amagwira ntchitoyi madzulo ataweruka, ndipo sapita kukaona malo ndi maso. Amadalira mapu ndi mawu ako. Mkuluyu atafunsidwa analemba kuti chilolezo chilipo, poti pakiyo inagwirizana kale ndi anthu a geocaching. Mwamva? Anatenga dzina lathu, thukuta lathu, n'kulisandutsa kiyi wotsegulira khomo limene eni ake anatseka. Kumeneko si kuiwala. Ndi bodza, ndiponso ndi kuba.

Kaya ndi changu chofuna kutchuka, kaya ndi mafoni amene apeputsa zinthu mpaka kubisa kabokosi kwasanduka ngati kutumiza meseji, ine sizikundikhudza. Odi ndi mawu a zilembo zitatu.

Ena pagulu lathu ayamba kale kunena kuti mayi aja awonjeza, kuti akanangochotsa kamodziko n'kusiya tathu. Abale, tamadziikani m'malo mwawo. Iwo sasiyanitsa kuti uyu ndi wa gulu la Loweruka, uyu ndi wongodutsa. Amaona kabokosi, amaona chizindikiro chomwecho, amaona maluwa atafa. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Abwana awo akawafunsa kuti anthu anu aja mwawaona zimene achita, ayankha chiyani? Anaika ntchito yawo pachiswe chifukwa cha ife, ndipo wachita manyazi ndi iwo, osati wokhoma misomali uja, amene mwina pano ali phee kunyumba kwake akuwerenga anthu amene asaina kabuku kake.

Enanso akuti paki ndi ya tonse, timalipira msonkho. Inde ndi ya tonse, n'chifukwa chake si yako. Chipatala nachonso ndi cha tonse, koma sulowa mu wodi n'kukhoma shelefu yako pakhoma. Chinthu cha tonse chimakhala ndi munthu amene anapatsidwa udindo wochisunga, ndipo munthu ameneyo ndiye umamuuza odi. Iye amadziwa zimene iwe sudziwa. Amadziwa kuti pafupifupi theka la maluwa a bluebell a dziko lonse lapansi lili kuno ku Britain. Amadziwa kuti kuchoka pa njere kufika pa duwa loyamba pamatenga zaka 5 mpaka 7, ndipo masamba akapondedwa chomeracho chimalephera kupanga chakudya, chimafooka, mwina osaphukanso. Amadziwa kuti lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo. Iwe ukuona mtengo wabwino wobisapo kabokosi. Iye akuona zaka mazana. Ukanafunsa, akanakulozera malo ena mamita ochepa kutsogolo, ndipo bwenzi lero tonse tikuseka.

Ndipo asatinamize munthu kuti kusafunsa n'kanthu kakang'ono. Mu Julaye 2011 ku Wetherby, ku West Yorkshire konkuno, munthu anaona bambo wina akugwiragwira kabokosi pafupi ndi masitolo n'kukabwezera pobisika, ndipo anaitana apolisi. Msewu unatsekedwa, masitolo anatsekedwa maola angapo, asilikali odziwa za mabomba anabwera n'kukaphulitsa. Kanali kabokosi ka masewera omwewa. Anthu anataya malonda a tsikulo chifukwa oyandikana ndi malowo sanauzidwe kanthu. Ku America komwe masewerawa anabadwira, m'mapaki akuluakulu a boma suika kabokosi pokhapokha mkulu wa pakiyo atavomera. Zitseko zimenezi sizinatsekeke zokha. Anazitseka ndi anthu onga mkulu wa misomaliyu, ndipo amazitsegulanso pang'onopang'ono ndi anthu amene amapita ndi chipewa m'manja kukapempha.

Inu bambo amene munakhoma misomali, ngati mukuwerenga izi, sinditchula dzina lanu, koma mukudzidziwa. Musatitumizire meseji ife. Pitani pa ofesi ija pageti, mugogode, mudikire akuyankheni, muwauze mayi aja kuti ndinu amene munachita, ndipo kuti munanama. Mukatero mufunse ntchito imene mungagwire. Kupepesa kwa pa intaneti sikudzutsa duwa ngakhale limodzi. Ife tabwerera pamene tinayambira, popanda kabokosi ngakhale kamodzi, ndipo tipitabe kukatola zinyalala chifukwa tinalonjeza. Mwana wanga kabokosi kake wakaika pawindo kuchipinda kwake. Wandifunsa kawiri kuti tikakabwezera liti, ndipo ndilibe chomuyankha.

Koma mlandu si wa munthu mmodzi yekhayu. Njira yamatope ija sanaiponde yekha. Kabokosiko katangotuluka pa intaneti, anthu anathamangirako usiku womwewo ndi matochi kuti akhale oyamba kusaina. Ndinawerenga kabukuko, munali maina 23 m'masiku 9. Anthu 23 anaima panjira, anaona maluwa, anaona kuti foni ikuwalozera pakati pa maluwawo, n'kulowa. Anafika pamtengo, anaona misomali ndi maso awo, n'kulemba kuti zikomo chifukwa cha kabokosi kabwino. Palibe ngakhale mmodzi amene anadina batani lodziwitsa ounika kuti pano pali vuto. Ena mwa maina amenewo ndimawadziwa. Ndi anthu omwewo amene tikaitana tsiku lotola zinyalala amati atanganidwa, koma kabokosi katsopano kakatuluka 11 koloko usiku nsapato zili kale kumapazi.

Ndipo poti ndayamba kale, inunso oyenda ndi agalu. Mumawerama bwinobwino, kutola zonyansa za galu wanu, kuziika m'kathumba, kumanga mfundo, kenako n'kukakoleka panthambi ya mtengo ngati mphatso. Mukusiyira ndani? Mukuganiza kuti amadzachotsa ndani? Ndi mayi omwe aja, ndi manja awo, ndi ife a magolovesi. Bini ili pageti, ina ili pamlatho. Loweruka lomwelo, pobwerera ndi thumba la timabokosi tathu, ndinawerenga timatumba 14 tili lendelende pakati pa mabini awiriwo.