Wakuba amawerenga masiku, nanga wodwala maganizo atuluka liti?

Loweruka lililonse kwa miyezi 7 ndinkadzuka kusanache kuno ku Chawama, mu Lusaka, ku Zambia. Mayi akunyumba ankaphika nsima ndi kapenta n'kuika m'kontena, ine n'kukwera minibasi kukaona mwana wa mlongo wanga kundende. Mnyamatayu anayamba kudwala maganizo ali ndi zaka 19. Akamamwa mapiritsi ake ndi kubayitsa jakisoni wa pamwezi simungamudziwe, amakonza mafoni pamsika ngati wina aliyense. Mwezi wina jakisoni anamudumpha, tulo tinamuthawa, ndipo tsiku lina anaswa galasi la sitolo ya eni ndi mwala. Akuti mawu ankamuuza kuti m'katimo mwabisala anthu ofuna kumupha. Anthu anayamba amutibula kaye, kenako n'kukamusiya kupolisi.

Ulendo woyamba ndinamupeza milomo itang'ambika, maso ali psuu, atavala malaya a munthu wina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amalume, mapiritsi mwabweretsa?" Za nsima sanafunse n'komwe. Mapiritsiwo anali m'thumba mwanga, koma pageti anali atandiuza kale kuti popanda kalata ya dokotala salowa. Amene ankamusamala anali mkaidi mnzake, bambo wa imvi, wogamulidwa kale. "Bambo," anatero mkuluyo, "mwana wanuyu usiku amakuwa, ndiye anzake amamumenya poti nawonso akufuna tulo. Ndimamugoneka kukhoma, ine n'kutchinga. Koma ine ndikutuluka mu Ogasiti. Iyeyu atuluka liti?"

Ndinasowa choyankha. Kukhoti mlandu unkangoimitsidwa, ati tikudikira lipoti la dokotala lonena ngati mnyamatayu angathe kuyankha mlandu kapena ayi. Galasi lija tinali titalipira kalekale.

M'miyezi imeneyo kunabwera msuweni wanga wa ku Mchinji kudzaoda katundu ku Kamwala. Atamva nkhaniyi anagwira pakamwa. "Asuweni, ife timati kwanu kuno zinthu zili bwino. Si inu muli ndi lamulo latsopano?" Tinachezera usiku wonse kuyerekeza mayiko athu awiriwa, ndipo mpaka lero nkhaniyo sinandichoke m'mutu.

Pa lamulo lolembedwa, msuweni wanga sananame. Zambia inakhala zaka zambiri ndi lamulo la atsamunda la Mental Disorders Act, lomwe linkatchula odwala ndi mayina achipongwe, onga chitsiru ndi chidzete. Anthu atatu odwala okha, a Gordon Mwewa, a Mulima Kasote ndi a Sylvester Katontoka a bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, anakalitsutsa ku High Court, ndipo mu 2017 khoti linavomereza kuti mawu amenewo akuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, ndipo apa anthu amene ankanyozedwa kuti ndi ofuntha ndiwo anaona chimene maloya ambiri ankangochidutsa. Mu 2019 tinalandira Mental Health Act yatsopano. Anzathu a ku Malawi anakhala ndi Mental Treatment Act ya 1948 kwa zaka zoposa 70. Chinanso, kuno kuyesa kudzipha kunaleka kukhala mlandu mu 1967, pamene ku Malawi gawo 229 la Penal Code linalembedwa kuti munthu wopulumuka pachingwe akayankhe mlandu. Munthu wofunika kumugwira dzanja, n'kumuveka unyolo! Pamenepa sindibisa, Zambia inachita bwino.

Koma lamulo la 2019 silinafike m'chitokosi momwe munagona mwana wa mlongo wanga. Ngakhale dzina linasintha mu 2016, kuchoka ku Prisons Service kukhala Correctional Service, nyumba zake zambiri ndi zomwe zija zakale, zodzaza mpaka anthu kugona chokhala. Mu 2010 a Human Rights Watch anapeza kuti akaidi oposa 15,000 a m'dziko muno ankadalira dokotala mmodzi yekha wa ndende. Ogwira ntchito zachipatala awonjezeka kuchokera nthawi imeneyo, koma odziwa za matenda a maganizo ndi ochepabe, ndipo ambiri ali mu Lusaka muno, ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Khoti likapeza kuti munthu sangathe kuyankha mlandu, kapena kuti anapalamula mutu usakuyenda bwino, lamulo lathu limati asungidwe mpaka Pulezidenti adzafune. Pachingerezi amati His Excellency's Pleasure, ndipo ambiri otere amasungidwa ku Chainama East. Wakuba mbuzi ali bwinobwino amamuuza zaka zake, amalemba masiku pakhoma, abale ake amadziwa tsiku lokamudikira pageti. Wodwala alibe tsiku. Khoti silinamupeze wolakwa ngati mnzake uja, komabe angathe kukhala m'kati nthawi yaitali kuposa iye.

Ku Malawi nakonso musaganize kuti ndi kumwamba. Chipatala cha Zomba Mental chinayamba mu 1910 ngati chipinda cha ndende ya Zomba Central, odwala akuyang'aniridwa ndi asilikali a ndende, ndipo chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953. Mpaka pano ndicho chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, kotero wofunika kupimidwa amadikira galimoto ndi mafuta oti zimufikitse ku Zomba, pokhapokha a St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe atathandizapo. Za kudzaza kwa ndende za Maula ndi Chichiri aliyense amadziwa. Mu 2009, pa mlandu wa a Gable Masangano, khoti linalamula boma kuti lichepetse kuthithikana ndi theka m'miyezi 18, koma zaka zinadutsa anthu akupanikizanabe.

Komabe pali zinthu zimene ndimawasirira a Malawi. Kuyambira mu 2000 kuli anthu othandiza pa zamalamulo, amene lero ndi bungwe la PASI, omwe ntchito yawo ndi kulowa m'ndende ndi m'mapolisi, kufunsa mkaidi mmodzimmodzi kuti wakhala nthawi yaitali bwanji pa rimandi, n'kukakumbutsa khoti. Amakonzanso zoti majisitireti apite yekha kundende kukamva milandu komweko. Taganizani majisitireti ataona ndi maso ake mnyamata wong'ambika milomo uja, osati fayilo chabe. Kunonso a Legal Aid Board ndi mabungwe ena amayesetsa, sindikuwanyoza, koma anzathuwa anayamba kale ndipo mayiko ena anakaphunzira kwa iwo.

Ndiye pali za vakabu. Mu 2017, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda mumsewu ku Blantyre, khoti linathetsa gawo lina la lamulo limene apolisi ankagwirira anthu ongopezeka akuyenda. Mlanduwo sunali wa odwala maganizo, koma ndani amayenda usiku wopanda chifukwa chomveka, wosatha kufotokoza kumene akupita? Kutseka khomo limenelo kunapulumutsa anthu ambiri onga mwana wa mlongo wanga. Ndiponso kuchokera mu 2015, pamene makhoti ankaunikanso zilango za anthu ogamulidwa kuti aphedwe potsatira mlandu wa Kafantayeni, umene unathetsa lamulo loti aliyense wopha munthu azigamulidwa kuti aphedwe, oweruza ankamva umboni wa mmene mutu wa munthu unalili, ndipo ambiri anabwerera kumudzi.

Ku Zimbabwe odwala otere amasungidwa kundende za Chikurubi ndi Mlondolozi, ndipo lamulo lawo la 1996 linaika bwalo loti liziunika nkhani zawo. Maganizo amenewo ndi abwino, bola bwalolo lizikumanadi.

Zimene ndikupempha si zachilendo. Malamulo a United Nations a 2015 otchedwa ndi dzina la Nelson Mandela amanena kale kuti mkaidi aliyense aonedwe ndi wachipatala akangolowa, ndi kuti wodwala maganizo kwambiri asamutsidwire kuchipatala. Namwino mmodzi pageti, wofunsa kuti kodi umamwa mankhwala anji, akanatipulumutsa ku miyezi yambiri ya misozi. Lipoti la dokotala likhale ndi malire a masiku, akapyola khoti lifunse chifukwa. Ndipo aliyense wosungidwa podikira chifuniro cha Pulezidenti aziunikidwa chaka ndi chaka, abale ake n'kuuzidwa zotsatira. Asilikali a ndende sindiwada. Ena ndinawaona akugawana tiyi wawo ndi mwana wa mlongo wanga, koma anaphunzira kulondera, osati kuchiza.

Mwana wa mlongo wanga anatuluka mwezi wachisanu ndi chitatu, mwini sitolo atapita yekha kukanena kuti nkhaniyo inatha. Anabwerera ku mafoni ake, ndipo khadi lake la jakisoni ndimasunga ine, m'Baibulo. Sabata yatha tikudya anandiuza za mnyamata wina amene anamupeza m'katimo, wolankhula yekha pakona, yemwe palibe anabwerapo kudzamuona. Dzina lake lenileni salidziwa, ankangomuitana ndi dzina la mudzi wakwawo. Loweruka likubwerali tanyamula makontena awiri, tikukamufunsa pageti.