Muziyamba mwafunsa ngati ndadya

Abale anga a ku Bembeke, lero mundilole ndilankhule, mtima wadzadza.

Chiyambire Disembala foni yanga sikupuma. "Achemwali, ya Khirisimasi bwanji?" "Azakhali, feteleza wobereketsa wakwera." Sindikukana, ndikudziwa mmene zinthu zinadulira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndatumiza, ndipo nditumizanso. Chikundiwawa n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe wayamba wafunsa kuti, kodi mwadya? Mukugona bwanji kumeneko?

Mumati ife a ku Dedza kuzizira tinakuzolowera. Ayi ndithu. Kuzizira kwa mu Juni kwathu kumakupeza uli pakati pa anthu, mwazungulira moto wa zitsononkho, mbatata ili m'phulusa, agogo akukamba nthano. Kwa kuno ku Leeds, ku England, kumakupeza wekha m'kachipinda ka lendi. Mdima umagwa 4 koloko isanakwane, ndipo ukayatsa chotenthetsera m'nyumba mtima umakhala uli pa bilu. Woyandikana naye nyumba chaka chatha ndi theka, dzina lake sindilidziwa.

Pa 25 Disembala kuno sitima siziyenda, mabasi nawonso zii. Ndinalawira wapansi, chisanu chikuluma makutu, kupita kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Maola 12 ndikusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake. Ndimawakonda agogo amenewa, ena a iwo tsiku limenelo sanayenderedwe ndi mwana ndi mmodzi yemwe. Koma pamene ndinkamwetsa mmodzi tiyi, maganizo anali pa amayi anga, kuti kodi wawaphera nkhuku ndani, mpunga wawaphikira ndani. Tchuthi ndinapempha kalekale, anandikaniza. Ungatsutse bwanji? Viza yathu inamangiriridwa kwa bwana. Ntchito ikatha, amakupatsa masiku 60 kuti upeze wina wokulemba, apo ayi nyamuka. Ndipo kuyambira Malichi 2024 obwera kumene pa ntchito imeneyi saloledwa kubweretsa ana kapena amuna awo. Ana anga awiri ndimawaona pa WhatsApp akukula.

Chinandipulumutsa ndi ufa. Sabata yapitayo, m'shopu ya zakudya za ku Africa, ndinamva mayi wina akudandaula yekha: "Aaa, kaufa aka mtengo wonsewu?" Ndinangoti, "Mayi, kwanu n'kuti?" Akuti ku Lizulu. Tinagwirana manja osafuna kusiyana. Pa 26 anandiitanira kwawo. Tinalipo asanu ndi awiri, ena titakhala pansi pamkeka poti mipando inachepa. Nsima ya ufa wa ku Joni, nyemba, ndi usipa umene wina anausunga miyezi itatu kudikira tsikuli. Bambo wina wa ku Tsangano analimbikira kuti kachewere wa kwawo amaposa wa ku Dedza, tinakangana mpaka kuseka misozi. Kenako mayi aja anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ya Akatolika, a CCAP nawo n'kuvomera. Ndinalira ngati mwana. Anandisiya ndilire, wina n'kungondifunditsa chitenje.

Ndiye mukaimbanso, musathamangire za ndalama. Tulukani panja ndi foniyo, mundionetse chimanga kuti chafika pati, ndione phiri la Dedza litavala nkhungu. Mvula ikamagwa musadule, ndimve ikumenya pamalata. Kenako mupatse amayi foni, ndimve mawu awo.