Odya chakhumi anali ena, oika maliro anali ena

Abale anga, lero sindilemba za mitengo ya katundu kapena za mpira. Ndili ndi nkhani ya zaka 800 zapitazo yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira Loweruka.

Tsiku limenelo ndinali pa ofu, ndiye ndinakwera basi kupita ku Lincoln, mzinda wa ku England. Aliyense wofika kumeneko amakwera kamsewu kotsetsereka kotchedwa Steep Hill, n'kukafika pa cathedral ali wefuwefu, ndipo inenso ndinatero. Nyumbayo ndi yochititsa kaso, sindikana. Koma chomwe chinandigwira mtima ndinachipeza pobwerera, m'katchalitchi ka pamudzi wina komwe ndinalowamo pothawa mvula. Pakhoma pake pali thabwa lolembedwa mayina a ansembe onse omwe anakhalapo pa parishiyo, kuyambira zaka za m'ma 1200 mpaka lero. Ndinawerenga ndi chala ngati mwana wa sitandade 2. Dzina, chaka. Dzina, chaka. Nditafika pa 1349 ndinapeza kuti chakacho chalembedwa kawiri.

Ndibwererako ku 1349. Poyamba mumve kukula kwa dayosizi ya Lincoln.

Mu 1072 bishopu Remigius anasamutsa mpando wake kuchoka ku Dorchester, pafupi ndi Oxford, kupita ku Lincoln. Dera lake linkayambira pa mtsinje wa Humber kumpoto mpaka pa Thames kumwera, mtunda woposa makilomita 200, ndipo inali dayosizi yaikulu kuposa ina iliyonse ku England. Maparishi anali pafupifupi 1,900, ogawidwa m'zigawo 8, chilichonse ndi archdeacon wake, wansembe wamkulu wothandiza bishopu. Tangoganizani bishopu mmodzi, pa hatchi, m'matope a nyengo yozizira, mtunda ngati wa Blantyre kukafika ku Dedza. Akhristu ambiri ankabadwa, kukwatira, n'kumwalira osamuonapo nkhope. Ena ankathamangira kumsewu ndi ana akamva kuti ambuye bishopu akudutsa, kuti anawo alandire ulimbitso pomwepo. Hugh wa ku Avalon, yemwe anali bishopu kuyambira 1186 mpaka 1200, amakumbukiridwa chifukwa ankatsika pahatchi popereka ulimbitsowo. Ngati kutsika pahatchi kunali nkhani yoti anthu alembe, mutha kuona nokha mmene ena ankachitira.

Ndiye mpingo weniweni, umene mlimi ankaudziwa, unali wansembe wa pamudzi. Apa ndi pomwe pali nkhani yanga.

Parishi iliyonse inali ndi chuma chake, makamaka chakhumi. Sichinali chopereka cha mwaufulu ayi, linali lamulo. Pokolola, mtolo wakhumi uliwonse wa tirigu unali wa tchalitchi. Udzu wa ziweto chimodzimodzi, ana a nkhosa, ubweya, mkaka, mazira, uchi, zonse. Munthu akamwalira, chiweto chabwino koposa chinkapita kwa mwini malo, chachiwiri kwa wansembe, mkazi wamasiye n'kutsala ndi chachitatu ngati chinalipo. Woyenera kulandira chakhumicho ankatchedwa rector, tinene kuti mwini parishi. Vuto ndi lakuti mwini parishiyo nthawi zambiri sankakhala pa parishipo. Mwina anali kalaliki wa mfumu ku London. Mwina anali mwana wa munthu wolemera yemwe akuphunzira ku Oxford, chakhumi cha alimi n'kukhala fizi yake. Mwinanso sanali munthu n'komwe, koma nyumba ya amonke yomwe inapatsidwa parishiyo kuti izidyapo. Panali wina, Bogo de Clare, mwana wa Earl wa ku Gloucester, yemwe pomwalira mu 1294 anali ndi maparishi ndi maudindo ochuluka m'madayosizi osiyanasiyana, moti ngakhale akanafuna sakanatha kuwayendera onse.

Nanga Misa ankachita ndani? Waganyu. Dzina lakuti vicar tanthauzo lake ndi wogwirizira malo a wina. Tirigu ndi udzu, zomwe zinali ndi ndalama zenizeni, zinkapita kwa mwini parishi. Wogwirizirayo ankatsala ndi mazira, nkhuku, ana a nkhosa ndi timakobidi ta paguwa. Msonkhano wa ku Oxford wa 1222, wotsogozedwa ndi archbishop Stephen Langton, unalamula kuti vicar asalandire zochepera mamaki 5 pachaka. Maki imodzi inali mapeni 160, ndiye mamaki 5 ndi mapeni 800, kungopitirira pang'ono mapeni awiri patsiku. Ndipo ameneyu anali wamwayi, chifukwa ntchito yake inali yokhazikika. Pansi pake panali ansembe ena olembedwa chaka ndi chaka, oti mwini parishi akapeza wotchipa amangowauza kuti pakirani.

Munthu ameneyu ndi amene ankadzutsidwa pakati pa usiku kukadzoza wodwala. Ankalima munda wake wa tchalitchi ngati wina aliyense, manja ake anali a khasu. Chilatini chake nthawi zambiri chinali chongoloweza. Kuchokera mu 1215, pamene msonkhano waukulu wa Lateran ku Roma unalamula kuti mkhristu aliyense azilapa kwa wansembe wake kamodzi pachaka n'kulandira ukaristia pa Pasaka, iye ndi amene ankamva machimo a mudzi wonse nyengo ya Lenti. Ankadziwa yemwe anasuntha malire a munda, ankadziwa mwana yemwe bambo wake si amene anthu akuganiza. Ankaphunzitsa azamba mawu a ubatizo m'chilankhulo chawo, kuti khanda likabadwa lofooka alibatize okha lisanatsirizike. Madzulo n'kupita kukawerenga mazira a anthu omwewo kuti aone ngati sanamubere lakhumi. Ubale wovuta bwanji.

Akhristu nawo sanali ongoonerera. Tchalitchi chinali chogawidwa pawiri: mbali ya guwa inali udindo wa mwini parishi, mbali yokhala anthu inali ya eni mudzi. Denga likadontha kumbali yawo, ankasonkha okha. Mabelu, mabuku, zovala za Misa, mpanda wa kumanda, zambiri mwa izi zinali pamutu pawo, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kusankha akuluakulu awo osunga thumba. Ankafulula mowa n'kugulitsa kuti apeze ndalama zokonzera tchalitchi. Mukalowa m'matchalitchi ena akale mupeza mbali ya anthu ndi yaitali, ya mawindo akuluakulu, pomwe mbali ya guwa ndi yaing'ono ngati ya tchalitchi china. Alimi anamanga mbali yawo, wodya chakhumi sanafune kuboola thumba. Pa Pentekosite nyumba iliyonse yofuka utsi inkaperekanso kakobidi kopita ku cathedral, gawo limodzi mwa magawo anayi a peni. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mayi anga akuyeza chimanga cha masika m'ndowa, ndi kadi la mtulo lomwe ankalisunga m'Baibulo. Sindikunena kuti ndi zofanana. Mayi anga palibe ankawaopseza ndi khoti. Koma nsanja ya cathedral ya Lincoln, yomwe itamalizidwa mu 1311 akuti inali yaitali kuposa chomangidwa chilichonse padziko mpaka pomwe nsonga yake inagwa mu 1548, ndinayamba kuiona ndi maso ena.

Mwa mabishopu onse a ku Lincoln, amene ndimamuvulira chipewa ndi Robert Grosseteste, yemwe analamulira kuyambira 1235 mpaka 1253. Anabadwira m'banja losauka ku Suffolk, anakhala mphunzitsi wotchuka ku Oxford, analemba za kuwala ndi za utawaleza, ndipo anapatsidwa ubishopu ali kale nkhalamba. Anthu mwina ankayesa kuti akangokhala phee kudikira imfa. M'malo mwake anayamba kuyendera dayosizi yonse, dera ndi dera. Ankaitanitsa ansembe n'kuwalalikira yekha, pomwe ansembe a chipani cha Fransisko ndi cha Dominiko omwe ankayenda nawo ankalalikira anthu ndi kumva kulapa. Kenako mafunso. Kodi wansembe wanu amadziwa malamulo khumi? Amapezeka kumowa? Amatchova juga? Ali ndi mkazi m'nyumba? Pa ulendo woyamba wokha anachotsa akuluakulu 11 a nyumba za amonke. Munthu wina anabweretsedwa kwa iye kuti apatsidwe parishi atavala zofiira, mphete kuzala, tsitsi losameta mwa unsembe, akuoneka ngati msilikali. Anamubweza. Ansembe a pa cathedral yake yomwe anakana kuti awayendere, mlandu unatenga zaka 6, ndipo mu 1245 Papa anagamula mokomera bishopuyo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anayamba ndi iye mwini. Mu 1232, asanakhale bishopu, anatula maudindo ake ena n'kutsala ndi umodzi wokha. Ndiye pamene ankakana kupereka parishi kwa anthu osadziwa ntchito, palibe akanamuloza chala. Mu 1250 anapita ku Lyon n'kukauza Papa Innocent IV ndi makadinala pamaso kuti gwero la kuvunda kwa mpingo ndi likulu lawo lomwelo. Mu 1253 kunabwera kalata yolamula kuti mphwake wa Papayo, Frederick wa ku Lavagna, apatsidwe udindo pa cathedral ya Lincoln. Nkhalambayo inayankha kuti monga mwana womvera, sikumvera, ikukana, ikugalukira. Inamwalira mu Okutobala chaka chomwecho ku Buckden. Anthu anayesa kangapo kuti atchedwe woyera, koma Roma sanavomere. Hugh uja wotsika pahatchi anatchedwa woyera mu 1220, patangotha zaka 20 atamwalira.

Komabe musandimve ngati ndikumuyeretsa. Anali wouma mtima. Analetsa maphwando a mowa omwe anthu ankachita, analetsa masewera ndi misika pabwalo la tchalitchi, ngati kuti mlimi wogwira ntchito chaka chonse alibe ufulu woseka. Zomwe analemba zokhudza Ayuda ndi zowawa kuwerenga. Ndipo patangopita zaka ziwiri iye atamwalira, mu 1255, mumzinda womwewo Ayuda ananamiziridwa kupha kamnyamata kotchedwa Hugh, anthu 19 n'kuphedwa chifukwa cha bodza limenelo, kamnyamatako n'kuikidwa mu cathedral ngati wofera chikhulupiriro. Lero pamalopo pali chikwangwani chovomereza kuti linali bodza. Komanso ngakhale Grosseteste anavutika chotere, dongosolo lodya chakhumi uli kutali silinathe. Anangolichepetsa mano m'dera lake kwa zaka 18.

Pang'ono ndipatuke, poti ena mufunsa kuti ife zikutikhudza pati. William Tozer, bishopu wa UMCA, mishoni ya Angilikani, yemwe analowa m'malo mwa bishopu Mackenzie n'kuchotsa mishoni ku Shire kupita nayo ku Zanzibar mu 1864, anali vicar wa Burgh le Marsh mu dayosizi yomweyi. Mnzake Edward Steere anali rector wa Little Steeping, kamtunda pang'ono kuchokera pamenepo. Mayina a maudindo aja anali akadalipo.

Tsopano thabwa lija. Mayina amayambira m'ma 1200 chifukwa bishopu Hugh wa ku Wells, yemwe analamulira kuyambira 1209 mpaka 1235, anayamba kulembetsa pa zikopa zokulunga dzina la wansembe aliyense wopatsidwa parishi. Zolemba zake zili m'gulu la zakale kwambiri za mtunduwu ku England, ndipo omutsatira anapitiriza. N'chifukwa chake tikudziwa zomwe zinachitika mu 1349, mliri wa Black Death utafika. Kaundula wa bishopu John Gynwell akuonetsa maparishi akusowa ansembe motsatizana miyezi ya chilimwe chawo, ndipo owerengera amapeza kuti mwa ansembe khumi aliwonse okhala ndi parishi, pafupifupi anayi anamwalira. Ku dayosizi ya Bath ndi Wells zinafika poti bishopu analemba kuti wansembe akasowa, wodwala alape kwa mkhristu wamba, ndipo mwamuna akasowa, ngakhale kwa mayi.

Chaka cholembedwa kawiri chija ndiye kuti wansembe anamwalira kapena kuchoka, wina analowa, nayenso sanathe chaka. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, jekete ikudontha madzi. Kenako ndinazindikira kuti kaundulayo ankalemba okhawo opatsidwa parishi, chifukwa chomwe bishopu ankalondola chinali chuma cha parishiyo, kuti chili m'manja mwa yani. Wansembe waganyu uja, wolembedwa pachaka, yemwe ankalowa m'nyumba za odwala ndi mafuta odzozera pamene mwini parishi ali kutali, sankalowa m'kaundula polembedwa ntchito, ndipo sankalowamo pomwalira. Ndinayang'ana thabwalo kuyambira pamwamba mpaka pansi kachiwiri. Mayi wina wokonza maluwa paguwa anandifunsa ngati ndikufuna dzina la wachibale. Ndinati ayi mayi, amene ndikumufunayo sanalembedwe. Anandiyang'ana modabwa, n'kundiuza kuti basi yomaliza inyamuka 5 koloko.